Heike Kamerlingh Onnes: mwini labotale yozizira koposa padziko

Madzulo a pa 10 July 1908, anthu a mu labotale ya payunivesite ya Leiden, m'dziko la Netherlands, anali atagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, koma m'botolo lawo lagalasi simunkaoneka kanthu. Atawalitsa nyali kunsi kwa botololo m'pamene anazindikira kuti muli timadzi. Kwa nthawi yoyamba, mpweya wa helium unali utasanduka madzi, pa madigiri 269 pansi pa ziro.

Mwini ntchitoyi anali Heike Kamerlingh Onnes, amene anabadwira ku Groningen pa 21 September 1853. Anaphunzira kwawoko ndiponso ku Heidelberg, kwa Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff, ndipo anakhala pulofesa ku Leiden m'chaka cha 1882. Sanali munthu wa phuma. Ankakhulupirira kuti chidziwitso chimabwera mwa kuyeza mosamala, motero anatsegula sukulu yophunzitsa achinyamata kuumba magalasi ndi kupanga zipangizo. James Dewar wa ku London anamuposa posandutsa mpweya wa hydrogen kukhala madzi mu 1898, koma pa helium anapambana ndi Onnes, ndipo amisiri akewo anali mbali yaikulu ya chipambanocho. Mpaka mu 1923, kunalibe malo ena padziko amene ankatha kupanga madziwa.

Pa 8 April 1911, gulu lake linaziziritsa mercury ndi madzi a helium, n'kupititsamo magetsi. Zitsulo zimene tinazolowera zimakaniza magetsi pang'ono, n'chifukwa chake waya amatentha. Koma apa kukanizako kunazimiririka. Amene ankawerenga zotsatira pa chipangizo choyezera anali wophunzira wake, Gilles Holst, ngakhale kuti dzina lake silinaikidwe pakati pa olemba malipoti, zimene masiku ano anthu sangazione bwino. Khalidwe latsopanoli ndi lomwe limatchedwa superconductivity. Onnes analandira mphoto ya Nobel mu 1913.

Iye ankalakalaka kupanga maginito amphamvu kwambiri ndi mawaya otere. Sizinatheke. Anapeza kuti khalidweli n'losalimba: magetsi akachuluka, kapena pakakhala mphamvu ya maginito ngakhale yochepa, chitsulo chimayambiranso kukaniza. Anamwalira ku Leiden pa 21 February 1926 maginitowo asanapangidwe, ndipo chifukwa chenicheni cha zimene anapezazo chinadzafotokozedwa mu 1957.

Kusalimba komwe kunamukhumudwitsako ndiko kumagwiritsidwa ntchito lero m'zipangizo zotha kumva kachidutswa kamodzi ka kuwala, kotchedwa photon. Mu 2001, gulu la Gregory Gol'tsman la ku Moscow, mogwirizana ndi asayansi a ku Rochester ku America, linasonyeza zimenezi ndi kawaya ka niobium nitride, kopyapyala kambirimbiri kuposa tsitsi la munthu. Kawayako amakaziziritsa, n'kupititsamo magetsi otsala pang'ono kufika pa mlingo woti khalidwe lija liwonongeke. Photon imodzi ikagwerapo, pamalopo pamafunda pang'ono, kawayako kamakaniza magetsi kwa kamphindi, ndipo makina amawerenga kuti kuwala kwafika.

Chovuta n'kufikitsa kuwalako. Kumadzera mu ulusi wagalasi, wofanana ndi umene umanyamula intaneti pansi pa nyanja, ndipo mtima wa ulusiwo n'ngwaung'ono kwambiri moti ukaphonya pang'ono pokha, kuwala kumatayika. Choncho akatswiri amapindapinda kawayako kuti kadzaze malo onse amene kuwala kukugwera, n'kuika kalilole kumbuyo kwake kuti kuwala kodutsa kubwererenso. Mu 2013, bungwe la NIST ku America linalengeza za chipangizo chomva ma photon 93 mwa 100 alionse. Chaka chomwecho, bungwe la NASA linagwiritsa ntchito zipangizo za mtundu uwu polandira uthenga wa laser wochokera ku chombo chimene chinkazungulira mwezi.