Ip Man, mphunzitsi wa Bruce Lee

Ambiri amene anakulira pa mafilimu a Bruce Lee ku Kanyama ndi Matero sadziwa amene anam'phunzitsa. Ip Man anabadwira ku Foshan, m'dziko la China, mu 1893. Anagwirako nchito ya upolisi, ndipo mu 1949 anathawira ku Hong Kong alibe cuma. Ophunzira ake oyamba kumeneko anali anchito a m'malesitilanti, anthu otopa monga aja otuluka mu Heavy Industrial Area madzulo. Kung fu wake, Wing Chun, amayamba ndi kuima malo amodzi, manja akuyenda pang'onopang'ono. Mwana wofuna kuuluka msanga sangakhalitse. Lee anadza kwa iye ali mnyamata wokonda ndeu. Atadwala khansa ya pakhosi, Ip Man anajambulitsa luso lake pa filimu kuti lisatayike. Anamwalira pa 2 December 1972. Lee anam'tsatira patapita miyezi 7.