Francis Bebey

Francis Bebey (15 July 1929 – 28 May 2001) anali woyimba, wolemba mabuku komanso mtolankhani wa ku Cameroon. Iye ndi mmodzi mwa oyimba oyamba a mu Africa amene anaphatikiza zida zoyimbira zamakolo ndi zida zamagetsi monga synthesizer ndi makina oimba ng'oma. Anayamba kuchita izi m'ma 1970, nyimbo za house zisanabadwe, ndipo atamwalira ma DJ a nyimbo zovina anayamba kuika nyimbo zake m'malo azisangalalo a m'mayiko ambiri.

Ubwana ndi maphunziro

Bebey anabadwira mumzinda wa Douala, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wa Chipulotesitanti, choncho nyimbo zoyamba zimene anazidziwa zinali za m'tchalitchi ndi za azungu. Pa nthawi ya atsamunda, amishoni ambiri ankaphunzitsa kuti ng'oma ndi nyimbo zamakolo ndi zachikunja. Ngakhale zinali choncho, Bebey ali mwana ankakonda kumvera bambo wina wa pafupi ndi kwawo amene ankaimba zida zamakolo, ndipo chidwi chake pa nyimbo za makolo chinayambira pamenepo.

Atamaliza sukulu ku Douala anapita ku France kukaphunzira pa yunivesite ya Sorbonne ku Paris. Kenako anaphunzira ntchito ya pawailesi pa New York University ku America. Ankaimba gitala kuyambira ali mnyamata, ndipo kaimbidwe ka katswiri wa gitala wa ku Spain, Andrés Segovia, kanamulimbikitsa kwambiri.

Ntchito ya pawailesi, UNESCO ndi mabuku

Bebey anagwira ntchito ya utolankhani pawailesi ku France komanso ku Ghana, dziko limene linalandira ufulu wodzilamulira mu 1957 pansi pa Kwame Nkrumah. Mu 1961 analowa ntchito ku bungwe la UNESCO ku Paris, komwe pambuyo pake anakhala mkulu woyang'anira za nyimbo. Ntchitoyi inamupatsa mwayi woyenda m'mayiko ambiri a mu Africa ndi kumva nyimbo za mitundu yosiyanasiyana.

Mu 1967 anatulutsa buku lake loyamba la nkhani yopeka, Le Fils d'Agatha Moudio, limene mu 1968 linapambana mphoto ya Grand prix littéraire d'Afrique noire. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi dzina loti Agatha Moudio's Son. Mu 1969 analemba buku lofotokoza za nyimbo za mu Africa, Musique de l'Afrique, limene linatuluka m'Chingerezi mu 1975 ndi dzina loti African Music: A People's Art. M'bukuli anafotokoza kuti kwa anthu a mu Africa nyimbo ndi gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku: kuntchito, paukwati, pamaliro ndi pamiyambo ina.

Kusiya ntchito ndi kuyamba situdiyo

Mu 1974, ali ndi zaka 45, Bebey anasiya ntchito yake ya malipiro abwino ku UNESCO kuti azingoimba ndi kulemba. Chinali chisankho chovuta chifukwa anali ndi banja, ndipo makampani akuluakulu a nyimbo ku Ulaya sankachita chidwi kwenikweni ndi oyimba a mu Africa. Iye anakonza situdiyo m'nyumba mwake ku Paris n'kuyambitsa kampani yakeyake yotulutsa zimbale yotchedwa Ozileka.

Mu situdiyomo ankajambula nyimbo zambiri ali yekha. Ankayamba ndi kugunda kwa makina oimba ng'oma, kenako n'kujambula pamwamba pake mawu a besi, kiyibodi, gitala ndi mawu ake, chimodzi ndi chimodzi pa tepi. Mwanjira imeneyi munthu mmodzi ankamveka ngati gulu lathunthu. Kugunda kwa nyimbo zake kunkachokera ku magule a kwawo monga makossa wa ku Douala, ndipo ankaimba m'chilankhulo cha Duala, m'Chifalansa ndi m'Chingerezi.

Nyimbo zambiri za nthawi imeneyi zinali zoseketsa koma zokhala ndi phunziro. La Condition masculine, ya mu 1976, imanena za mwamuna amene akudandaula kuti mkazi wake wadziwa za ufulu wa amayi, ndipo wosekedwa m'nyimboyo ndi mwamunayo. Mu 1977 Bebey analandira mphoto kuchokera ku SACEM, bungwe loona za umwini wa nyimbo ku France. Nyimbo ina imene inatchuka m'mayiko olankhula Chifalansa ndi Agatha.

Sansi ndi chitoliro cha m'nkhalango

Kumayambiriro kwa m'ma 1980, Bebey anaika mtima wake pa zida ziwiri zamakolo. Choyamba ndi sanza, kachida ka timizitsulo toimba ndi zala zazikulu, kofanana ndi sansi kapena kalimba wa ku Malawi ndi mbira ya ku Zimbabwe. Ankaimba sanza mobwerezabwereza pamwamba pa besi yamagetsi, monga zimamvekera pa chimbale chake cha Akwaaba.

Chachiwiri ndi n'dehou, chitoliro chaching'ono cha anthu a m'nkhalango za pakati pa Africa. Chitolirochi chimatulutsa liwu limodzi lokha, choncho woimba amasinthanitsa kuuzira ndi kuimba ndi pakhosi mofulumira mpaka nyimbo imamveka yathunthu. Bebey anachigwiritsa ntchito mu The Coffee Cola Song ya mu 1982. Kwa iye, zida zimenezi zinali zamoyo, zoyenera kuimbidwa limodzi ndi makina atsopano m'malo mongosungidwa m'nyumba zoonetsera zinthu zakale.

Ubale wake ndi nyimbo za house

Nyimbo za house zinayambira ku Chicago kumayambiriro kwa m'ma 1980, ndipo dzinali limagwirizana ndi malo ovinira a Warehouse kumene ankaimba DJ Frankie Knuckles. Bebey sanali woyimba wa house, koma njira zake zinali zofanana ndi zimene oyimba a house anadzagwiritsa ntchito: makina oimba ng'oma, kachidutswa ka nyimbo kobwerezedwa kwa nthawi yaitali, ndi kujambulira kunyumba popanda gulu lalikulu. Kusakaniza ng'oma za mu Africa ndi makina kunadzafalikira kudzera mu kwaito ya ku South Africa m'ma 1990, kenako Afro house ndi amapiano, zimene zimamveka kwambiri pa mawailesi ndi m'maukwati ku Malawi.

Imfa ndi chikumbutso

Bebey anamwalira ku Paris pa 28 May 2001 ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 71. Pa nthawiyo anthu ambiri ankamudziwa ngati wolemba mabuku ndi woimba gitala, pomwe zimbale zake zamagetsi zinali zosowa. Mu 2012 kampani ya ku Paris ya Born Bad Records inasonkhanitsa nyimbozo pa chimbale cha African Electronic Music 1975–1982, ndipo mu 2014 inatulutsanso Psychedelic Sanza 1982–1984. Zimbalezi zinafikitsa nyimbo zake kwa achinyamata amene sanamumvepo ali moyo. 

Ana ake ena anatsatira mapazi ake. Patrick Bebey ndi woyimba, ndipo ndi amene anaimba chitoliro cha The Coffee Cola Song mu nyimbo ya Everything Now ya gulu la ku Canada la Arcade Fire mu 2017. Mwana wake wamkazi, Kidi Bebey, ndi mtolankhani ndi wolemba mabuku, ndipo mu 2016 anatulutsa buku la Mon royaume pour une guitare lofotokoza moyo wa bambo ake ndi banja lawo.