Dokotala Amene Analamula Dziko: Kamuzu Banda ndi Zipatala za Malawi

Munthu wa kwa Dambe m'boma la Mchinji akadwala, ulendo wake uli ndi makwerero odziwika. Poyamba amaonana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, kenaka amapita ku chipatala chaching'ono kapena cha mishoni monga cha ku Kapiri. Matenda akakula amatumizidwa ku chipatala cha boma pa Mchinji, ndipo akakanika pamenepo amapita naye ku Lilongwe, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu. Makwerero amenewa sanadzimange okha. Ambiri mwa iwo anakhazikika m'zaka 30 zimene dziko lino linali m'manja mwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri amene ntchito yake yoyamba inali ya udokotala.

Dr. Banda anabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898. Ali mnyamata anayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia, kumene anagwira ntchito yotumikira pa chipatala cha ku Hartley, tauni imene tsopano ikutchedwa Chegutu. Atachoka kumeneko anakagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo m'chaka cha 1925 mpingo unawathandiza kupita ku America. Anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College m'chaka cha 1937. Popeza ziphaso za ku America sizinali zokwanira m'maiko olamulidwa ndi Britain, anapitanso ku Edinburgh, kumene anapambana mayeso m'chaka cha 1941.

Chikhumbo chawo chinali chobwerera kwawo kudzachiza anthu a mtundu wawo, koma tsankho la masiku amenewo linatseka khomo. Anamwino ena achizungu a ku mishoni sanafune kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la atsamunda silinafune kuwalandira mofanana ndi madokotala achizungu. Motero anakhala ku Britain, nachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London. Ali ku London, m'chaka cha 1948, boma la Britain linayambitsa National Health Service, dongosolo loti munthu aliyense alandire chithandizo popanda kulipira pakhomo pa chipatala, ndalama zake zichokere ku misonkho. Dr. Banda anaziona zimenezi ndi maso awo asanasamukire ku Kumasi, m'dziko la Ghana, m'chaka cha 1953.

Pamene anabwerera ku Nyasaland pa 6 July 1958, zaumoyo zinali m'manja mwa boma la Chitaganya ku Salisbury. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali chatsopano, koma madokotala anali owerengeka, ndipo anthu akumidzi ankadalira mishoni ndi asing'anga. Chitaganya chitatha m'chaka cha 1963, mtolo wonsewo unagwera boma latsopano, limene linalibe chuma chokwanira.

Apa ndi pamene panabuka nkhani ya tiki. M'chaka cha 1964, dziko litangolandira ufulu, Dr. Banda analamula kuti wodwala azilipira makobiri atatu pa chipatala cha boma. Ndalamayo inkaoneka yochepa, koma kwa mlimi amene amagwira ndalama kamodzi pa chaka inali yolemera, ndipo anthu anadabwa kuti ufulu ukuwalipiritsa chimene ankalandira ulere. Nduna zingapo zinatsutsa lamuloli pamodzi ndi mfundo zina. M'mwezi wa September chaka chomwecho Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo awo, ndipo ena, monga Henry Chipembere ndi Yatuta Chisiza, anatula pansi udindo. Tiki sinakhalitse, ndipo chithandizo cha wamba m'zipatala za boma chinakhala chaulere. Koma amene anaitsutsa ambiri anathera kunja kwa dziko kapena m'ndende, ndipo kuyambira pamenepo kunali koopsa kutsutsa mtsogoleri ngakhale pa nkhani za umoyo.

M'zaka zotsatira dongosolo linayamba kuoneka. M'chaka cha 1966 mipingo inagwirizanitsa zipatala zake m'bungwe la PHAM, limene pambuyo pake linatchedwa CHAM, ndipo linakhala mnzake wa boma makamaka kumidzi. Pofuna kudzaza mpata wa madokotala, m'chaka cha 1976 boma linayamba kuphunzitsa ma clinical officer ku Lilongwe. Amenewa ndiwo anasenza zipatala za m'maboma, mpaka kuchita maopareshoni a amayi ovutika pobereka. Chipatala chachikulu cha Kamuzu chinatsegulidwa m'chaka cha 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark, ndipo sukulu ya anamwino ya Kamuzu inayamba m'chaka cha 1979. Mliri wa kolera wa m'chaka cha 1973 unachititsa kuti boma lilembe anthu oyendera midzi, ndipo amenewa, pamodzi ndi obaya katemera wa nthomba, ndiwo anali chiyambi cha alangizi a zaumoyo.

Komabe mbiri yoona iyenera kutchula ndi zolephera zomwe. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1991, patapita zaka 27 chilandirire ufulu, ndipo pa zaka zonsezo ana a dziko lino ankaphunzira udokotala kunja, kumene ambiri anakhazikika osabwerera. Njira zakulera zinaletsedwa kwa nthawi yaitali, mpaka m'chaka cha 1982 pamene boma linalola zoti amayi azibereka patalipatali. Wodwala Edzi woyamba anapezeka m'chaka cha 1985, koma nkhani ya matendawa sinakambidwe poyera monga zinafunikira, ndipo mliriwo unafalikira mwakachetechete. Ulamuliro wonse unali ku likulu, kotero kuti chipatala cha kumalire monga cha ku Mchinji chinkadikira mawu ochokera kutali pa zinthu zazing'ono zomwe.

Dr. Banda anataya mpando pa chisankho cha m'chaka cha 1994, ndipo anamwalira pa 25 November 1997 m'chipatala cha ku Johannesburg, osati m'chimodzi mwa zipatala zimene boma lawo linamanga. Amene anabwera pambuyo pawo anasintha zambiri. Lamulo la m'chaka cha 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo a m'maboma. M'chaka cha 2004 boma linayamba kugawa ulere mankhwala otalikitsa moyo, ndipo pambuyo pake linayambanso kupangana ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe kumeneko popanda kulipira.

Funso limene linagawanitsa nduna m'chaka cha 1964 silinathe. Chipatala chaulere chimafuna ndalama, ndipo mankhwala akasowa, mayi wa kwa Dambe amagulitsa nkhuku kapena ndowa ya mtedza kuti akagule m'sitolo. Aphunzitsi ndi achinyamata amene akumaliza sukulu ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, chifukwa ena mwa iwo ndiwo adzakhala pa mipando yogamula amene ayenera kulipira wodwala wosauka akafika pakhomo pa chipatala.