Yohane wa Mulungu Woyera, Nkhoswe ya Odwala

Pa 8 Malichi Mpingo umakumbukira Yohane wa Mulungu Woyera. Iye anabadwa m'chaka cha 1495 ku Montemor-o-Novo m'dziko la Portugal, ndipo dzina lake linali João Cidade. Anachoka kwawo ali ndi zaka 8 nakakulira ku Oropesa m'dziko la Spain, komwe ankaweta nkhosa. Kenaka anakhala msilikali, ndipo potsiriza anakhazikika mumzinda wa Granada n'kumagulitsa mabuku achipembedzo.

Tsiku lina atamva ulaliki wa wansembe Yohane wa ku Avila, mtima wake unasweka pokumbukira machimo ake. Anayamba kuyenda m'misewu akulira mofuula ndi kudziguguda pachifuwa. Anthu anati wapenga, ndipo anakamutsekera m'chipatala chachikulu chimene mafumu a dzikolo anamangitsa. Nyumbayo inali yokongola, koma odwala misala ankamangidwa ndi unyolo ndi kukwapulidwa, poti anthu ankayesa kuti mankhwala ake ndi amenewo. Yohane analawa yekha chikoticho. M'menemo anazindikira kuti wodwala maganizo safuna ndodo koma chisamaliro, chifukwa nayenso ndi chifaniziro cha Mulungu.

Atatuluka anachita lendi nyumba n'kuyamba kutolera odwala ndi amphawi ogona m'misewu, ena akuchita kuwabereka kumsana. Wodwala aliyense ankamupatsa bedi lakelake, zomwe zinali zachilendo masiku amenewo. Madzulo ankazungulira mzinda ndi dengu ndi miphika kupempha chakudya. Ngongole zitachuluka, anapita mpaka kulikulu la ufumu ku Valladolid kukapempha thandizo kwa Kalonga Philip ndi nduna zake. M'chaka cha 1549 moto utabuka pachipatala chija chimene anazunzikiramo, Yohane analowa m'malawi n'kutulutsa odwala.

Anamwalira pa 8 Malichi 1550, atadwala chifukwa cholumphira mumtsinje wa Genil pofuna kupulumutsa mnyamata amene ankamira. Anatchulidwa Woyera mu 1690, ndipo mu 1886 Papa Leo XIII anamuika kukhala nkhoswe ya zipatala ndi odwala.

Abulazala a chipani chake anafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero amathandiza odwala maganizo kumeneko ndi ku Lilongwe. Sukulu yawo ya ku Mzuzu imaphunzitsa anamwino ndi azachipatala a matenda amenewa, ntchito yofunika kwambiri pamene boma likufuna kuti thandizo lizipezeka m'zipatala zapafupi, osati ku Zomba kokha.

Komabe ndondomeko ya boma singathandize wodwala amene abale amubisa m'nyumba chifukwa cha manyazi, kapena kumumanga pomuyesa wolodzedwa. Matenda a maganizo ali ndi mankhwala. Mphakati uliwonse umawadziwa makomo otere: mayi wosagona tulo chiberekere, mnyamata wogwidwa ndi chamba ndi mowa, bambo wosowa mtengo wogwira ntchito itatha. Kuwayendera ndi kuwaperekeza kuchipatala ndiyo njira imene Yohane Woyera anasiyira akhristu.