Samuel Ajayi Crowther, Kapolo Amene Sanasunga Mangawa

Ajayi anabadwa ca m'ma 1809 m'mudzi wa Osogun, m'dziko la Ayoruba, limene lero liri mbali ya Nigeria. M'caka ca 1821 nkhondo ya Afulani ndi Ayoruba Acisilamu inagwa pamudzipo, nitentha nyumba, nimanga anthu zingwe m'khosi. Mnyamatayo anagwidwa pamodzi ndi amace ndi alongo ace, ndipo posakhalitsa anawalekanitsa. Anagulitsidwa kangapo, pena kumsinthanitsa ndi kavalo, pena ndi fodya, kufikira Apwitikizi anamkweza m'combo ca akapolo ku Lagos. M'mwezi wa April 1822 zombo za nkhondo za Angerezi zinagwira comboco, ndipo akapolowo anakawatsitsa ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, ali mfulu.

Kumeneko amishoni a C.M.S. anamphunzitsa kuwerenga. Anabatizidwa m'caka ca 1825, nalandira dzina la Samuel Crowther, ndipo mu 1827 anakhala wophunzira woyamba wa sukulu ya Fourah Bay. Nchito yace yoyamba inali ya uphunzitsi. Anadzozedwa ubusa ku London mu 1843, natumidwa kwao kwa Ayoruba; ndipo ku Abeokuta, mu 1846, anakomananso ndi amace patapita zaka 25 cilekanitsidwire. Mai wokalambayo anabatizidwa pambuyo pace, nachedwa Hannah.

Munthu wocitidwa zotere akadakhala ndi cifukwa cokwanira ca kudana ndi Asilamu moyo wace wonse, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma pamene anatsegula mishoni ya ku mtsinje wa Niger mu 1857, analowa m'midzi yao mwaulemu, naceza ndi mafumu ao, monga Masaba wa ku Bida, nalangiza anchito ace kuti asamanyoza cipembedzo cao, koma aziwayankha mofatsa ndi mau a m'Buku Lopatulika. Pa 29 June 1864 anadzozedwa Bishopu ku Canterbury, Mwafrika woyamba kulandira udindowo mu Mpingo wa Anglican. Anagwiranso nchito yaikuru ya kumasulira Buku Lopatulika m'Ciyoruba.

Komatu bala lowawitsa silinacokere kwa ogulitsa akapolo ai. Linacokera m'nyumba momwe, kwa abale a mu Mpingo, iye ali nkhalamba ya zaka ngati 80. Pofika ca m'ma 1890 kunadza amishoni acinyamata ocokera ku England, acangu cambiri koma opanda cipiriro, amene anaona ngati nchito yonse ya ku Niger inali yobvunda. Tinene zoona: zolakwa zinalipo ndithu. Aphunzitsi ndi abusa ena, okhala okha kutali kwa miyezi yambiri, anagwa m'macimo, ena nalowerera m'malonda. Mlandu umene anyamatawo anamuimba Bishopu unali wakuti ngwofatsa kopambana, wosafulumira kucotsa munthu pa nchito. Iye sanafuna kutsutsa wanchito popanda umboni womveka, ndipo wolapa anali kumpatsanso mpata. Cifundo comweco cimene cinamthandiza kukhala ndi adani ace akale, ici ndico anacicha kufooka. Mphunzitsi wamkuru ali yense amene anapemphererapo mnzace wolakwa pamaso pa oyang'anira sukulu adziwa kulemera kwa mlandu wotere.

Pa msonkhano wa ku Onitsha m'mwezi wa August 1890, anyamatawo anaimitsa anchito Aciafrika ambiri pamaso pa Bishopu wao, osasamala ulamuliro wace. Pakati pa oimitsidwawo panali mwana wace weni weni, Dandeson, amene anali Arkidikoni. Ena a iwo amene anacita izi anali a msinkhu wa adzukuru ace. Nkhalambayo inatula pansi mpando wace m'komiti imeneyo, nicoka. Akristu ambiri a ku Lagos ndi a kumatsiriro kwa Niger anapsa mtima kwambiri, ndipo mau amodzi okha a iye akadakwanira kung'amba Mpingo pakati. Mau amenewo sanawanena. Anadziwiringula mofatsa m'makalata ace kwa akuru a C.M.S., nabvomereza kuti mipingo ya kumatsiriro kwa mtsinje idziimire yokha pa cuma ndi pa nchito, koma osacoka mu Mpingo wa Anglican. Ndipo sanatukwana bungwe limene linamlera ali mwana wopanda kwao.

Thupi lokha ndilo linalephera kusenza. Anagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo, namwalira ku Lagos pa 31 December 1891. Mpando wace unapatsidwa kwa Mzungu, ndipo kwa zaka zambiri Waciafrika wa kumeneko anali kungoikidwa monga Bishopu wothandiza. Mipingo ya kumatsiriro kwa Niger inayamba kudziyendetsa mu 1892, Dandeson ali mtsogoleri wace. M'caka ca 2014, pokumbukira zaka 150 cidzozedwere Crowther, Arkibishopu Justin Welby anaima m'nyumba ya Mulungu yomweyo ya ku Canterbury, nabvomera poyera kuti Mpingo unamlakwira mtumiki wace ameneyu, napempha cikhululukiro.