A E.J. Chadza, Mphunzitsi ndi Mlakatuli

Tikamakwera phiri n'kuyang'ana kuchigwa cha Domasi, ambiri timangoona minda ya mpunga ndi mtsinje wopita ku nyanja ya Chilwa. Ine masiku ano ndimaonanso malo amene munthu wina wofunika pa chiyankhulo chathu adaphunzirako ndi kuphunzitsako. Munthuyo ndi malemu a Ezra Jofiya Chadza.

A Chadza adabadwa m'chaka cha 1923 m'boma la Dedza, ndipo adaleredwa m'masukulu a mishoni ya Nkhoma. Sadali Mkatolika ayi, koma zimenezo zisatilepheretse kuwapatsa ulemu wowayenera. Adayamba uphunzitsi akadali mnyamata. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 adabwera ku Domasi kudzaonjezera maphunziro auphunzitsi, ndipo patapita zaka adabwereranso kudzakhala mphunzitsi pomwepo. Adakaphunziranso ku Southampton, ku Mangalande. Adamwalira m'chaka cha 1985.

Ana asukulu ambiri adawadziwa chifukwa cha nthano yawo ya Kokha Mcheperawakalulu. Koma ine chimene chidandigwira mtima ndi buku lawo la ndakatulo, Ntchito za Pakamwa, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1963, Chichewa chisanakhale n'komwe chiyankhulo cha fuko mu 1968.

Ndivomere kuti poyamba ndinkazinyoza. Titaphunzira m'kalasi la Chingerezi za mizere yothera pa maliwu ofanana, ndidayamba kufufuza zomwezo m'ndakatulo zathu, ngati kuti ndakatulo yopanda zimenezo n'njopereŵera. Ndidalakwa. Pa Chichewa mawu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo malembowo alipo asanu okha. Choncho kufananitsa mathero a mizere n'chinthu chapafupi kwambiri, mwana aliyense angathe. Kukoma kwathu kuli kwina. Pa Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo mlakatuli wanzeru amayala mawu ake mwakuti kutalikitsako kumagunda ngati ng'oma. Komanso agwirizanitsi amabwereza okha liwu limodzi kumayambiriro kwa mawu.

Ndidazindikira izi pa ndakatulo yawo yotchuka yonena za bokosi lamaliro, imene imadabwa chifukwa chake chinthu chopita kudothi chimakongoletsedwa chotero. Dzina loti bokosi limakoka li- ndi lo- pa mneni ndi mfotokozi aliyense amene alitsate. Werengani mokweza madzulo, mumva mawuwo akuyenda pang'onopang'ono ngati anthu onyamula chitanda. Funso lakelo silifuna yankho. Limangokusiya uli duu.

Anzanga, enafe mawa tidzaima pamanda kulalikira anamfedwa m'Chichewa chomwechi. Kuyambira tsiku lija ndimati ndikalemba pemphero la okhulupirira, ndimayamba ndaliwerenga mokweza kuseri kwa tchalitchi, kuti khutu lindiuze pamene mzere ukutsimphina.