Bambo William Johnson, wansembe wa m'nyanja amene anatumikira ndi diso limodzi

Tikaima pagombe la ku Chilumba m'mawa kunja kutayera bwino, timaona mapiri a kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Tanzania. Kunsi kwa mapiri amenewo kuli mudzi wa Manda. Kumeneko n'kumene wansembe wina wa mpingo wathu, Bambo William Percival Johnson, anatumikira mu ukalamba wawo. Tafuna kuti tikumbutsane za moyo wawo chifukwa ambiri a ife tasenza mitolo yolemera, ndipo ena afika pofunsa ngati Mulungu akuwaonabe.

Bambo Johnson anabadwa pa 12 Malichi 1854 ku England, ndipo anaphunzira ku yunivesite ya Oxford. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnyamata mnzawo, Chauncy Maples. Onse awiri anamva pempho la Bishopu Edward Steere wa ku Zanzibar lofuna antchito, ndipo m'chaka cha 1876 analowa m'bungwe la UMCA, limene linabweretsa mpingo wa Anglican kuno kwathu. Pa nthawiyo a Johnson anali ndi zaka 22 zokha, thupi lamphamvu ndi maso akuthwa.

M'chaka cha 1880 anapita okha kukakhala ku Mwembe, kwa mfumu Mataka ya Ayao, dera limene lero lili m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Anatsegula sukulu ndi kuyamba kulalikira. Koma masiku amenewo malonda a ukapolo anali pachimake. Chaka chotsatira anthu ogula akapolo anawanamizira kuti ndiwo anaulula za ulendo wawo kwa Angerezi. Nyumba yawo inafunkhidwa, katundu anatengedwa, ndipo ntchito yonse inathera pomwepo.

Sanabwerere kwawo. Kumayambiriro kwa chaka cha 1882 anayenda pansi ndi wansembe mnzawo, Charles Janson, mpaka anafika pa nyanja yathuyi. Pasanathe mwezi, a Janson anadwala ndi kumwalira pamudzi wa Chia, kugombe la kum'mawa. A Johnson anaika mnzawo m'manda, n'kutsala okha pakati pa anthu achilendo. Anakhala akuyendayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo anaona kuti njira yabwino yofikira anthu onsewo ndi sitima ya pamadzi. Mu 1884 anapita ku England kukapempha ndalama, sitimayo inapezeka, ndipo anaitcha dzina la mnzawo uja, Charles Janson.

Apa ndi pamene chiyeso chachikulu chinawagwera. Pobwerera ndi zitsulo za sitimayo, atafika ku Quelimane, anadwala nthenda yoopsa ya maso. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikuidziwa nthenda yotere: zikope zimatupa, mafinya amatuluka, ndipo ikachedwa kuthandizidwa imasiya chipsera choyera pa diso. Lero mankhwala opaka m'maso alipo m'zipatala zathu, koma nthawi imeneyo kunalibe. A Johnson anachita khungu ali ndi zaka 30. Anzawo anapitiriza ulendo, nakalumikiza sitima ija ku Matope pa mtsinje wa Shire mu 1885, mwiniwake wa ganizolo ali mumdima pa ulendo wobwerera ku England.

Madokotala a kumeneko anawachita opaleshoni. Diso limodzi linayamba kuona pang'ono, linalo linatheratu. Powerenga ankachita kuyandikiza buku pafupi ndi nkhope. Munthu wina aliyense akanati ntchito yanga ndagwira, ndipume. Koma mu 1886 anabweranso kunyanja, ndipo sitima ija inasanduka nyumba yawo, tchalitchi chawo ndi sukulu yawo. Ankaima mudzi ndi mudzi, kusiya aphunzitsi, kuchita mapemphero, kuyesa ana a sukulu, n'kupitirira.

Mavuto sanawasiye. Mu 1888, kwa mfumu Makanjira, iwo ndi John Buchanan, woimira boma la Britain, anagwidwa, kuvulidwa zovala ndi kuchititsidwa manyazi pagulu, ndipo anamasulidwa atalipira dipo. Mu 1895 bwenzi lawo la ku Oxford, Chauncy Maples, anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma. Pa 2 Seputembala chaka chomwecho, asanafike n'komwe pa mpando wawo, bwato limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe ndipo anamira. Manda awo ali ku Nkhotakota. Ife a kunyanja, amene tinadikirapo pagombe usiku wonse mwera ukuwomba, tikudziwa kuwawa kwa uthenga wotere.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasokonezanso ntchito. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi inawombera sitima ya Ajeremani pa doko la Liuli, ndipo pa 9 Seputembala nkhondo inamenyedwa pa Karonga pompano, pamene manda a asilikali alipo mpaka lero. Sitima yachiwiri ya mishoni, Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inatengedwa ndi boma kuti izinyamula asilikali. Nkhondo itatha, nkhalamba ija inayambanso kusonkhanitsa nkhosa zobalalika za kugombe la kum'mawa.

Tsono taonani zimene Mulungu anachita ndi diso limodzi lofooka lija. Ndi diso limenelo a Johnson, mothandizana ndi aphunzitsi a kunyanja, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, ndipo lonse lathunthu linasindikizidwa mu 1912. Anamasuliranso zigawo za Malembo m'zilankhulo zina za m'mbali mwa nyanja. Mu 1896 anakhala Akidikoni, ndipo mu 1911 yunivesite ya Oxford inawalemekeza ndi digiri yaulemu. Anagwira ntchito limodzi ndi Augustine Ambali, amene anaomboledwa mu ukapolo ali mwana ndipo pambuyo pake anakhala wansembe ku Msumba. Ndipo pamudzi wa Chia pomwe paja, pamene anaika mnzawo ndi misozi, panachokera Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, nakalalikira ku Msoro m'dziko la Zambia kufikira imfa yake mu 1913.

Tisaganize kuti Bambo Johnson anali mngelo. Anali munthu wouma mutu, ndipo anzawo ena ankavutika kugwira nawo ntchito. Izi zitilimbitse mtima, pakuti Mulungu sadikira kuti tikhale angwiro asanatitume. Anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ku Liuli, ali ndi zaka 74, atatumikira zaka 52, ndipo anaikidwa komweko.

Amayi, phunziro lalikulu m'moyo umenewu ndi ili: zimene Bambo Johnson anataya sizinabwerere. Diso silinabwerere, a Janson sanabwerere, a Maples sanabwerere. Chiyembekezo chawo sichinali chakuti zinthu zidzakhalanso monga kale, koma chakuti Ambuye amene anauka kwa akufa angathe kugwiritsa ntchito chochepa chimene chatsala. Zaka zoposa 40 anatumikira ndi chotsalacho.

M'mawodi tinaonamo odwala a mitundu iwiri. Ena ankayang'ana kukhoma, kudikira kuti achire kotheratu ndipo kenaka ayambenso moyo. Ena, ngakhale mwendo utadulidwa, ankapempha ndodo tsiku lachitatu kuti ayesere kuima. Kupirira kwachikhristu ndi kwa gulu lachiwirili. Sikukhala manja lende, ndiponso sikukana chipatala. A Johnson anapita kwa madokotala, nalandira thandizo limene linalipo, ndipo chimene sichinachiritsike anachisenza. Mwana akatuluka mafinya m'maso, tisamuthire timadzi ta masamba n'kumati tikupirira. Tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuno ku Karonga tinagona panja mu Disembala 2009 zivomezi zitagwetsa nyumba zathu. Madzi osefukira akhala akutikokolera mpunga ndi chinangwa. Ambiri tikulera adzukulu amene makolo awo tinawaika ndi manja athu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chipatso cha pa Chia chinaoneka patapita zaka 27, ndipo chathunso chingachedwe chomwecho.

Pa msonkhano wathu wotsatira tiwerenge pamodzi Aroma 5:1-5. Tikatero, mayi aliyense adzifunse: kodi chimene chanditsalira n'chiyani? Kaya ndi kamunda kamodzi, kaya ndi manja odziwa kusoka, kaya ndi mawu oimbira, kaya ndi ola limodzi lokachezera wodwala. Kenaka tisankhe mayi mmodzi m'dera lathu amene wasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha chisoni, tipite awiriawiri tikakhale naye pamphasa. Ambuye atipatse mtima wodekha ndi chiyembekezo chosafota.